Makina osokera ali pansi pa bedi, iwe ukulira za apongozi

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Amuna anga anapita ku Joni mu 2019 ndipo amagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg. Ndalama amatumiza mwezi uliwonse pa Mukuru, koma kuyambira chaka chatha apongozi anga aakazi anawauza kuti zizidzera mwa iwo, ati ine ndimamwaza. Tsopano ndikafuna ya sopo kapena ya sukulu ya mwana ndimakwera minibasi mpaka ku Mitundu kukapempha, nthawi zina n'kubwerako ndi kathumba ka mgaiwa basi. Amandinenanso kwa abale kuti ndili ndi chibwenzi chifukwa ndimatchena. Kale ndinkasoka, koma bambo pochoka anati mkazi wa munthu wa ku Joni sakhala pakhonde la sitolo, ndiye makina ndinaika pansi pa bedi. Ankhoswe ndawauza koma sakuchitapo kanthu. Ndibwerere kwathu ku Dedza kapena ndipirire?

Wosweka mtima, Area 25

Mwana wanga,

Za apongozi ako sindichedwapo. Munthu amene amagwira ndalama ya adzukulu ake n'kumayendetsa mayi wawo ulendo wa ku Mitundu akulakwa, ndipo sindiwafunira chifukwa chowakhululukira. Koma dziwa kuti dzina la wolandira ndalama salemba ndi iwo. Amalemba ndi mwamuna wako, pa foni yake, ndi chala chake. Ukamakwiya, mkwiyowo uzigawa mwachilungamo.

Chimene chandisowetsa tulo ndi makina aja. Wawatchula kamodzi, modutsa, ngati ukunena za nsapato yakutha. Kuyambira 2019 chida chimene chikanakudyetsa chili mu fumbi, ndipo iwe ukufunsa ine ngati upirire. Wapirira kale mokwanira, ndipo wapirira chinthu cholakwika.

Ndikudzudzule pang'ono, popeza wandilembera wekha. Amuna ako atati usiye kusoka, sindikukhulupirira kuti unalira usiku wonse. Ndikuganiza kuti mawu aja anakukomera. Kutchedwa mkazi wa ku Joni kumatsekemera: anzako akupsa ndi dzuwa pamsika, iwe ukudikira uthenga pa foni. Atsikana ambiri agwera m'menemo, ena kusiya saluni, ena kusiya geni ya mandasi, ena mpaka kusiya uphunzitsi. Mwamuna amafuna anthu aone kuti iye ndi wotha, ndiye umboni wake umakhala mkazi wongokhala. Ulemuwo ndi wake, koma njala ikabwera imayambira kwa iwe.

Ntchito ya ku Joni si ya m'boma yoti ili ndi penshoni. Amalawi ambiri amalowa m'dziko muja ndi masiku 30 a pa pasipoti, masikuwo n'kutha iwo akadali komweko. Tsiku lililonse apolisi akhoza kumugwira munthu n'kukamusiya ku Lindela kudikira ulendo wobwerera. Unali wamkulu kale mu 2015 pamene anthu obwera anamenyedwa ku Durban, boma lathu n'kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Ambiri anatsika ndi kachikwama kokha. Zofananazo zinachitikanso mu 2008. Bwana wa dimba akhoza kugulitsa nyumba mawa. Mwamuna akhoza kudwala, akhozanso kupeza wina womuphikira, tisanamizane. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama yochokera ku Randburg, kudzera ku Mitundu, isanafike m'manja mwako yadutsa mphepo zingati?

Ine ndimakhulupirira chinthu chimodzi ndipo ndidzachinena mpaka owerenga atope nane: luso la m'manja silisiyidwa chifukwa cha banja. Munthu wina anakhala nawe pansi kukuphunzitsa kuyeza ndi tepi, kudula nsalu osaiwononga, kuika zipi yosakwinyika. Kaya anali mayi ako, kaya telala wa pa Dedza boma, kaya sukulu ya TEVETA, anakupatsa chinthu chimene apongozi sangachilande ngakhale atabwera ndi mudzi wonse. Koma luso limathawa likasiyidwa. Dzanja limauma, diso limaiwala muyezo, masitayilo amasintha, ndipo makasitomala amene ankakudikira anapeza kale telala wina. Makinawonso akudya dzimbiri, lamba akuuma. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja unalumpha. Kafunse m'tauni mtengo wa makina atsopano lero, ukamva chizungulire. Pali atsikana mu Area 25 momwemo amene amaliza maphunziro a zosoka koma akusowa poyambira chifukwa alibe chimene iwe ukuchigonera pamwamba.

Ndipo si nkhani ya ndalama yokha. Wosoka aliyense amadziwa mmene mtima umachitira mkwatibwi akatulukira pa chinkhoswe atavala chitenje chimene wachidula iwe, anthu n'kumafunsana kuti wasoka ndani. Chisangalalo chimenecho mwamuna sangakutumizire pa Mukuru. Mkazi amene tsiku lonse alibe chochita koma kudikira, maganizo ake onse amathera pa amene wamulakwira. N'chifukwa chake kalata yako yadzaza ndi apongozi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mayi amene ali ndi mayunifolomu a ana asukulu oti amalize September asanafike, ndi mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano, ndi mathalauza a kaunjika oti achepetse, miseche ya ku Mitundu amaimva ndi khutu limodzi.

Ena andilembera kuti ndikuphunzitsa akazi mwano. Ayi. Mkazi wa pa Miyambo 31, amene abusa amakonda kumuwerenga pa maukwati, amapota ulusi, amasoka zovala n'kugulitsa. Palibe pamene amatchulidwa akudikira ndalama kwa apongozi.

Tsono tulutsa makinawo sabata ino. Uwapukute, uthire mafuta, ugule lamba ndi singano zatsopano. Yambira pa zovala za ana ako kuti dzanja libwerere. Amuna ako uwauze pa WhatsApp mwaulemu, koma kuwauza, osati kupempha chilolezo. Ngati chimawachititsa manyazi ndi khonde la sitolo, sokera pakhomo pako. Ndalama yosokera ikhale pa Mpamba kapena Airtel Money ya dzina lako, ndipo ulowe banki m'khonde.

Ankhoswe uwaitanenso, a mbali zonse ziwiri, bambo ali pa foni akumva. Usakalire zambiri. Ukapemphe chimodzi: ndalama ya lendi, chakudya ndi sukulu izibwera kwa iwe, ya mayi awo izipita payokha. Ku Dedza usathamangireko panopa. Ukadzaona kuti bambo akana ngakhale chimenechi, udzandilemberenso, ndipo udzanene kuti mwezi umenewo wasoka zovala zingati.

Azakhali