Kodi ndidzole mafuta oyeretsa khungu?

Funso: Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 22 ndipo ndimagulitsa nsomba zouma pamsika wa Bangula. Achibale a bwenzi langa atabwera kudzandiona, ndinawamva akunong'onezana kuti mwana wawo watola makala. Kuyambira tsiku limenelo ndimadziimba mlandu kuti sindinadzisamale. Mnzanga wandipatsa mafuta oyeretsa khungu m'kabotolo kopanda dzina. Kodi ndiyambe kudzola? Ndine Wosweka Mtima, ku Bangula.

Yankho: Mwana wanga, mawu a achibalewo andiwawa nanenso, koma kabotoloko usakatsegule.

Palibe chimene unalakwitsa. Mtundu wa khungu timatengera kwa makolo, ndipo chimene chimalidetsa ndi melanin, yomwe imatchinjiriza thupi ku mphamvu ya dzuwa. Iwe ukudziwa bwino mmene dzuwa limaswera mtengo kuchigwa kwathu kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu akamakhala pamphasa ya nsomba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, khungu lake limawonjezera melanin kuti limuteteze, ndiye kuti thupi lako likugwira ntchito yake moyenera.

Mafuta ambiri oyeretsa amakhala ndi mankhwala otchedwa hydroquinone, poizoni wotchedwa mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid. Masabata oyamba nkhope imayeradi, ngakhale mfundo za zala ndi zigongono zimatsala zakuda, koma pambuyo pake khungu limapyapyala, limatuluka ziphuphu, ndipo ena amachita mawanga akuda m'masaya amene savomera mankhwala msanga, makamaka kwa munthu wokhala padzuwa ngati iwe. Mercury imalowa m'magazi n'kuwononga impso. N'chifukwa chake dziko la Ivory Coast linaletsa mafuta oterewa m'chaka cha 2015. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kabotolo kako kalibe dzina, moti ngakhale mnzakoyo sangakuuze zimene zili m'katimo. Ngati iye anayamba kale kudzola, mulimbikitse apite kuchipatala cha boma ku Nsanje akamuone khungu.

Iwe uzidzola mafuta wamba ofewetsa khungu ukasamba, uzimwa madzi ambiri, ndipo pamsikapo uzikhala pamthunzi kapena pansi pa ambulera.

Tsono kalata yako sinatchule zimene bwenzi lakolo linachita. Khala naye pansi, umuuze mawu amene unamva monga momwe unawamvera, ndipo umufunse ngati ali wokonzeka kulankhula ndi abale akewo ankhoswe asanakumane.