Mayi, musanagule rauta ina tayambani mwaona tchaja yake

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti rauta yake ya 4G, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba, yomwe wakhala nayo zaka zingapo, yayamba kuvuta: madzulo intaneti imachedwa, ndipo nthawi zina rautayo imazima n'kuyakanso yokha. Kushopu amuuza kuti yatha ntchito, agule ina ya tinyanga tinayi. Akufunsa kuti agule iti.

Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndatulutsa zakukhosi, chifukwa mawu amene mwauzidwawo ndi omwewo amene anauzidwa achemwali anga, ndipo mpaka lero amandiwawa.

Achemwali angawo ndi mphunzitsi ku Zomba, ndipo panthawiyo ankachita maphunziro a pa intaneti akaweruka kuntchito. Rauta yawo inayamba kuzima yokha kalasi ili mkati. Akabwereramo, anzawo apita kale patsogolo. Anapirira mpaka anatopa, n'kuinyamula kupita nayo kushopu ina m'tauni. Mnyamata wa pakauntala sanaiyatse n'komwe. Anangoitembenuza, n'kunena kuti, "Iyi yafa mayi, zamakono ndi izi." Anagula yatsopano ndi ndalama yomwe ankasungira feteleza. Kuzimazima kuja kunathadi, koma kuchedwa kwa madzulo kunali pompo.

Nditapita kukawaona ndinapempha rauta yakale ija. Anaitulutsa m'kabati itakulungidwa m'jumbo pamodzi ndi tchaja yake. Tchajayo inali itatupa mbali imodzi, pulasitiki yake itasanduka yabulauni pafupi ndi mano, ndipo ukainunkhiza inkamveka fungo la waya wopsa. Ndinaona kuti rauta zonse ziwiri zinalembedwa 12V kunsi, ndiye ndinatenga tchaja ya yatsopano n'kulumikiza ku yakale. Inayaka, n'kugwira ntchito tsiku lonse osazima. Achemwali anangoti kukamwa yasa. Chinafa chinali tchaja, kanthu kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi rauta.

Ine ndimati kugulitsa munthu rauta usanayese yakale ndi tchaja ina n'kumubera. Ena amati wogulitsa naye ali pa bizinesi, sangakane kasitomala. Ayi. Kuyesako sikutenga ngakhale mphindi 5, ndipo matchaja ali pashelefu pomwepo. Kwathu kuno magetsi amathimathima, ndipo akamabwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Choyamba kulandira nkhonyayo ndi tchaja. Ikafooka imaperekabe moto wokwanira kuyatsa tinyali, koma anthu akayamba kuonera mavidiyo rauta n'kufuna moto wambiri, tchaja imalephera, rauta n'kuzima. N'chifukwa chake zimakonda kuchitika madzulo aliyense ali pakhomo. Pogula ina werengani zolembedwa kunsi kwa rauta. Ma volt afanane ndendende, ngati ndi 12V ikhale 12V. Ma amp akhoza kufanana kapena kuposa, koma asachepe, ndipo kamutu kake kalowe bwino osagwedera. Mukapezako kangachepe, gulaninso mini UPS, kabatire kaja kamene kamakhala pakati pa soketi ndi rauta. Kamathandiza kuti rauta isamazime magetsi akathima.

Koma kuchedwa kwa madzulo ndi nkhani ina, ndipo apa m'pamene anthu amataya ndalama zambiri. Rauta ya SIM imatunga intaneti ku nsanja ya netiweki yomwe mafoni onse a m'dera lanu akutungako. Zili ngati mjigo umodzi pamudzi: kum'banda kucha umatunga wekha, madzulo pamakhala mzere, ndipo kugula ndowa yatsopano sikufupikitsa mzerewo. Yesani chonchi. Tsegulani fast.com kapena Speedtest, zoyezera liwiro la intaneti, cha m'ma 5 koloko m'mawa, mulembe nambala imene yatuluka. Mubwerezenso cha m'ma 8 koloko usiku. Ngati m'mawa ikuthamanga koma usiku ikukwawa, rauta yanu ilibe mlandu. Kenako chotsani SIM muiike mu foni, muime pamalo omwewo, muyesenso. Foni ikamachedwa chimodzimodzi, vuto lili kunja kwa nyumba yanu. Pamenepo bwerekani SIM ya kampani ina. Pali madera amene TNM imagwira bwino kuposa Airtel, pali ena amene Airtel ndiye imaposa, ndipo zimasiyana ngakhale pakati pa nyumba ziwiri za mumsewu umodzi. Musamvere mnzanu wa ku Chilomoni pa nkhani ya netiweki ya ku Area 25.

Ndipo nthawi zina vuto silikhala la nsanja n'komwe. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadzera m'nthambo zodutsa ku Mozambique ndi ku Tanzania, kukalumikizana ndi zina zapansi pa nyanja monga SEACOM, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Pa 12 May 2024 nthambo ziwirizi zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo ku Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique ndi kuno kwathu. Masiku amenewo ndinkalandira mauthenga a anthu ofunsa ngati rauta zawo zafa. Choncho intaneti ikavuta mwadzidzidzi, yambani mwafunsa aneba ngati nawonso zikuwachitikira.

Ndibwerere kwa achemwali. Rauta yatsopano ija ndinaipeza kuseri kwa TV, pansi, itafunditsidwa kansalu koluka ndi manja kuti isalowe fumbi. Nyumba ndi ya njerwa zootcha, denga la malata. Zonsezi zimatchinga netiweki, ndipo kansaluko kamatseka timabowo totulukira mpweya, rauta n'kumatentha. Tinaisamutsira pamwamba pa shelefu pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli nsanja, ndipo zinasintha ndithu osalipira kalikonse. Musamangodalira tinyali ta pa rauta. Lowani m'kati mwake pa foni polemba adiresi yake mu pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, monga Chrome: ma Huawei ambiri mumalemba 192.168.8.1, ena 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, zimalembedwa kunsi. Fufuzani pamene palembedwa RSRP, nambala yosonyeza mphamvu ya netiweki imene rauta ikulandira ku nsanja. Nambala ya cha m'ma -80 kapena -90 ndi yabwino, ikafika cha m'ma -110 netiweki ndi yofooka. Yendani nayo rautayo zenera ndi zenera mukuyang'ana nambalayo.

Muli m'katimo, onaninso mndandanda wa zipangizo zimene zalumikizidwa. Ichi ndimachinena mobwerezabwereza chifukwa chimandikwiyitsa. Mwana amapatsa mnzake pasiwedi, mnzakeyo amapatsa mkulu wake, posakhalitsa anyamata akhala pakhonde la nyumba yoyandikana akuonera mpira pa bandulo yanu. Ngakhale mafoni a m'nyumba momwemo, akangoona WiFi amayamba kukopera ma update ndi kutumiza zithunzi ku Google Photos osakufunsani. Sinthani pasiwedi ya WiFi, musinthenso yolowera m'kati mwa rauta, chifukwa zambiri zimabwera ndi mawu oti admin amene mwana aliyense amawadziwa. Kugawana ndi aneba si kulakwa ngati mwagwirizana ndipo akusonkha. Chimene ndimakana n'choti mayi azigula bandulo kawiri pamwezi n'kumaganiza kuti kampani ikumudyera, pomwe akudyayo ali kuseri kwa mpanda.

Ngati mugulebe

Mukayesa zonsezi ndipo rauta ikuzimabe ndi tchaja yabwino, kapena foni ikuthamanga pamalo pamene rauta ikukwawa, pamenepo gulani. Musawerenge tinyanga. Funsani ngati ndi Cat 4 kapena Cat 6, omwe ndi magulu osonyeza liwiro limene rauta ya 4G ingafike. Cat 4, monga Huawei B315 ndi TP-Link TL-MR6400, malire a liwiro lake ndi 150 Mbps. Cat 6, monga TP-Link Archer MR600, imafika 300 Mbps ndipo imatha kutunga ku mabandi awiri (njira ziwiri za mafunde) a nsanja nthawi imodzi, ngati nsanja yakwanuko ikulola. Liwiro limeneli simudzalifika kunyumba kwanu, koma Cat 6 imapirirako madzulo. Isakhale yotsekeredwa ku kampani imodzi. Ikhale ndi WiFi ya 2.4 GHz, imene imalowa makoma, ndi ya 5 GHz, imene imathamanga koma pafupi pokha, ndipo musalole wina akuuzeni kuti 5 GHz imeneyo ndi 5G. Ikhalenso ndi polumikizira mlongoti wapanja, chifukwa pa nyumba ya malata mlongoti wokhomedwa padenga umathandiza kuposa rauta yodula. Starlink ilipo m'dziko muno kuyambira 2023, koma mtengo wake ndi nkhani ya tsiku lina.

Pitani ndi SIM yanu kushopuko, muiyese pomwepo musanalipire, ndipo akulembereni palisiti kuti mukhoza kuibweza ikakakanika kunyumba. Akakana kulemba, mayi, tulukani mukagule kwina.