Chikondi cha pa makina osokera chinapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene anapempha kuti ndisawatchule dzina. Ndaifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu: "Ndinayamba kusoka ndili mtsikana. Ndinkakhala pa makina mpaka usiku, osamva ndi njala yomwe. Zaka ziwiri zapitazo ndinayamba kulandira maoda, ndipo ndalama zikubwera ndithu. Koma pano ndikangowaona makinawo mtima umalemera, ndimazengereza mpaka mwini chovala atayimba foni. Nsalu imene ndinagula kuti ndidzisokere ndekha yatha chaka ili m'sutikesi. Kodi ndasanduka waulesi, kapena kusokako sindinkakukonda n'kale lomwe?"

Mayi, waulesi sachezera pa makina. Zaulesizo tiziike pambali. Zimene zakuchitikirani akatswiri a maganizo a munthu akhala akuzifufuza kwa zaka zoposa 50, ndipo ndiyamba ndi nkhani ya ana.

Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford ku America. Anasankha ana amene ankakonda kale kujambula ndi mapeni amitundumitundu popanda wowatuma, n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba analiuziratu kuti likajambula lilandira satifiketi yokhala ndi riboni. Lachiwiri linangojambula, kenako n'kupatsidwa satifiketi yomweyo mosayembekezera. Lachitatu silinalonjezedwe kanthu ndipo silinalandire kanthu. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri, mapeni aja anawaikanso patebulo m'kalasi, akatswiriwo akusuzumira kuseri kwa galasi. Ana olonjezedwa aja anathera pa mapeniwo pafupifupi theka la nthawi imene anzawo anathera.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi gulu lachiwiri lija. Satifiketi analandira, koma chidwi chawo sichinazilale. Ndiye kuti choononga sichinali pepala la riboni lija ayi, koma pangano lakuti "chita ichi kuti ulandire icho". Mwana amene dzulo ankajambula chifukwa kujambula n'kokoma, lero waphunzira kuti kujambula ndi ganyu. Ndipo ganyu wopanda malipiro amagwira ndani?

Akuluakulu nawonso n'chimodzimodzi. Mu 1971 Edward Deci anaonetsa kuti ophunzira a ku yunivesite amene ankalipidwa dola imodzi akalumikiza bwino tizidutswa ta masewera ena, malipirowo atasiya, chidwi chawo chinatsika. Pambuyo pake iyeyu ndi mnzake Richard Ryan, ali ku yunivesite ya Rochester, anafotokoza kuti khama lochokera mumtima limakula pakakhala zinthu zitatu: kumva kuti wasankha wekha, kuona kuti luso lako likupita patsogolo, komanso kumva kuti uli pa ubale ndi anthu. Mu 1999 awiriwa pamodzi ndi Richard Koestner anaunika kafukufuku 128 wa nkhani yomweyi, ndipo anapeza kuti mphoto yogwirika imene munthu waiyembekezera imakonda kufooketsa chidwi, pomwe mawu oyamikira ntchito nthawi zambiri amachikweza.

Tsono tabwerani ku makina anu. Kale nsalu ankasankha ndani? Inu. Sitayilo? Inu. Mukalakwitsa kolala munkasomola ulusi mukuimba nyimbo, palibe amene ankakudikirani. Lero kasitomala amabwera ndi chithunzi pa foni, akuti ndikufuna chimodzimodzi ngati ichi, pasasinthe ndi batani lomwe, ndipo Lachisanu chikhale chitatha. Mawa wina abwera ndi chithunzi chomwecho. Diresi limodzimodzilo mukalisoka kakhumi, manja amangoyenda okha, mutu sukuphunziranso kanthu. Foni ikalira, mumadziwiratu kuti si moni. Zitatu zija za Deci ndi Ryan zachoka chimodzichimodzi inu osazindikira, ndalama n'kutsala zokha pamalopo.

Sindikunena kuti ndalama n'zoipa, ndipo sindikuuzani kuti musiye maoda. Munthu ayenera kudya thukuta lake. Koma malangizo amene adzadza pa intaneti, oti luso lililonse ulisandutse bizinesi, ine ndimawakayikira. Owapereka satchula zimene munthu amataya.

Za kuzengereza mwatchulazo, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl analemba mu 2013 kuti wozengereza kwenikweni amathawa kusamva bwino kumene ntchitoyo ikumubweretsera panthawiyo. Si kuti sadziwa kugawa nthawi. Mukaphimba makina n'kutenga foni, mtima umapepuka pang'ono, ndipo kupepukako kumakuphunzitsani kudzathawanso mawa. N'chifukwa chake kudikira kuti chilakolako chibwere kaye sikuthandiza. Nthawi zambiri chimabwera manja atayamba kale. Dziuzeni kuti lero ndingodula nsalu basi, kusoka ayi. Mudzaona kuti sizasi ikangolowa mu nsalu, phazi limayamba kufuna makina.

Koma chachikulu n'kubweza ufulu wanu pang'onopang'ono. Tsiku lomaliza ntchito muzitchula ndinu, osati kungovomera la kasitomala. Oda imene mukudziwa kuti ikudyani mtima, ikaneni ngati thumba likulola. Wobwera ndi chithunzi muzimuuza maganizo anu, kuti mkono uwu tikaupanga chonchi ukukhalani bwino. Ena akana, ena avomera, ndipo ovomerawo ndi amene adzakukumbutseni kuti ndinu mmisiri.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachidumphe. Ngati si kusoka kokha kumene kwasukuluka, ngati kucheza, kudya ndi zonse zimene munkakonda zatha kukoma, tulo sitikubwera bwino, ndipo zakhala choncho tsiku ndi tsiku kwa sabata ziwiri kapena kuposa, imeneyo ndi nkhani ina. Akhoza kukhala matenda ovutika maganizo, ndipo achipatala amathandiza. Pitani mukaonane nawo.

Ngati ndi makina okha, kaitulutseni nsalu ija m'sutikesi. Isankhireni madzulo amodzi pa sabata, foni itazimitsidwa. Chimene musokecho chisakhale ndi mtengo, musachijambule n'kuika pa Facebook, ndipo wina akachiona n'kufunsa kuti mungamusokere chotere pa ndalama zingati, mumuuze kuti ichi n'changa. Mukadzamaliza mundilembere, ndikufuna ndidzamve kuti kolala munaipanga bwanji.