Mawu akung'ambika pa wailesi, kodi tikweze pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata amene amayang'anira zipangizo pa wailesi ina ya m'dera kuno ku Mangochi. Akuti: "Achimwene, wailesi yathu imamveka motsika kuposa zinzake, koma tikakweza pa mixer mawu amang'ambika makamaka muulutsi akamatchula ma s. Processor tili nayo ya kaunjika yochokera ku America. Tipange bwanji?"

Aphwanga, choyamba chotsani dzanja pa fader ija, chokwezera mawu cha pa mixer. Mukamakweza pa mixer mukungopanikiza processor basi, iyoyo ntchito yake ndi kugwira mawu kuti asadutse malire ndiye mukaithira ambiri imangowafinya kwambiri, kunja kukweza sikusintha koma mawu amatuluka otopa ngati munthu akulankhulira m'chitini. Kukwera kwa mawu pa mphepo kumachokera pa output ya processor, pamene ikulowera mu exciter, chipangizo chimene chimaika mawuwo pa frequency ya wailesi yanu.

Ntchitoyi ichiteni usiku mapologalamu atatha, chifukwa muulutsa kaphokoso kosasangalatsa. Yambani ku studio. Ikani toni (kaphokoso kosasintha koyesera) ya 1 kHz pa mixer mpaka singano ikhale pa 0 VU, pa ma mixer ambiri a ntchito zimenezi ndi +4 dBu, ngati yanu ndi ya digito ikani pa -18 dBFS. Kenako sewerani nyimbo ndi mawu mmene mumachitira tsiku lililonse, muzisintha input ya processor mpaka mita ya AGC, gawo limene limakweza ndi kutsitsa mawu lokha, izisewera cha pa 10 dB. Ikamangokhala kumapeto osasuntha ndiye kuti mwaidyetsa mopyola.

Tsopano ku output. Ma processor ngati Orban Optimod ali ndi toni yawoyawo mkati, sankhani 400 Hz pa 100%, pitani pa exciter muziona deviation, kutanthauza mmene mawu akusunthira frequency yanu, uku mukukweza output pang'onopang'ono. Mukafika 75 kHz imani pomwepo. Pa FM 75 kHz ndiye 100%, ndipo pilot ya stereo ya 19 kHz, toni yodziwitsa wailesi ya womvera kuti mukuulutsa mu stereo, imene imakhala cha pa 9%, ili mkati momwemo, siyowonjezera pamwamba ayi. Mukadutsa apa mawu amasweka mu mawailesi a anthu komanso mumayamba kulowerera frequency ya anzanu oyandikana nawo, nkhani imene ingakufikitseni ku MACRA. Ndipo musaganize kuti kukweza mawu kupangitsa kuti mumveke mpaka ku Makanjira, mtunda ndi nkhani ya mphamvu ya transmitter ndi kutalika kwa mlongoti.

Koma za ma s zija ine ndikukayikira pre-emphasis, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalitsepo. Pa FM timakweza dala mawu opyapyala tisanaulutse, wailesi ya womvera imawatsitsanso, kuti kuchepetse phokoso la shhh lija. Imeneyo ndiye pre-emphasis, ndipo kuno timagwiritsa ya 50 µs, ku America ndi 75 µs, ndiye makina anu a kaunjikawo mwina anabwera ali pa 75, lowani mu menyu musinthe. Chachiwiri, chimene ndachipeza kangapo, ndi choti pre-emphasis yayatsidwa kawiri, mu processor komanso mu exciter. Zikatero s aliyense amatuluka ngati mafuta akulira m'poto wokazingira chambo. Iyenera kukhala malo amodzi okha. Ine ndimakonda kuisiya mu processor chifukwa limiter yake, gawo loletsa mawu kudutsa malire, imadziwa kuigwira, ku exciter nkuthimitsa, pamodzi ndi limiter ya kumeneko. Ngati mukulowetsa mu exciter kudzera pa MPX, polowera mawu a stereo okonzedwa kale ndi processor, ndiye bwino kwambiri, vutoli silikhalapo.

Mukamaliza musadalire ma spika akulu a mu studio. Tengani kawailesi ka mabatire kapena foni ya mabatani, zimene asodzi a ku Makawa ndi amayi a pa msika amamverera, mutuluke nako panja muyerekeze ndi mawailesi ena. Zikakhala bwino lembani manambala onse papepala mumate pa rack, chifukwa magetsi akathima makina ena amabwerera mwakale, komanso pamakhala muulutsi mmodzi wokonda kugwiragwira mabatani. Mundilembere mundiuze kuti pre-emphasis munaipeza ili pa chani.