Kwa achemwali a ku Ulongue: za haloperidol ndi fluoxetina

Achemwali, mwati achimwene anu akhala akumwa haloperidol, mankhwala a matenda a m'maganizo, mwezi uno awawonjezera fluoxetina, mankhwala a matenda a kukhumudwa, ndiye manja ayamba kunjenjemera, malovu akuchucha, sakukhazikika pampando, ndipo abale akuti asiye zonse. Chonde asasiye paokha. Komanso musadikire tsiku lolembedwa pakhadi, mawa lomwe pitani nawo kwa técnico wa psiquiatria, wachipatala wa matenda a m'maganizo, amene anawalembera.

Kuphatikiza mankhwala a mitundu iwiriyi si kulakwitsa ayi. Munthu akakhumudwa kwambiri n'kumamvanso mawu amene ena sakuwamva, awiriwa amathandiza kuposa amodzi okha. Nkhani ili m'chiwindi. Chiwindi ndicho chimaphwanya haloperidol kuti atuluke m'thupi, koma fluoxetina amachedwetsa ntchito imeneyi. Mapilitsi ndi omwewo, koma m'magazi mankhwala amachuluka. N'chifukwa chake munthu amauma thupi, kuyenda mokoka miyendo, kapena kumangozungulira pabwalo osatha kukhala pansi. Kusakhazikikako kumasautsa zedi, ndipo ambiri amaganiza kuti matenda akukula pomwe ndi mankhwala. Zomwezi zimachitika ndi risperidona, mankhwala ena ofanana ntchito ndi haloperidol. Kuchipatala angachepetse mlingo, kusintha mankhwala, kapena kupereka biperideno wofewetsa minofu.

Nthawi zina khosi limapindikira mbali imodzi, maso n'kutembenukira kumwamba, lilime n'kutuluka. Pakhomo pamadzaza anthu, wina akuti ndi ziwanda, wina akuti amulodza. Ndimamva chisoni kwambiri, chifukwa jakisoni mmodzi wa biperideno amamasula munthuyo m'kanthawi kochepa, pomwe iye wagona akuvutika usiku wonse.

Chimene ndimaopa koposa ndi ichi: thupi kutentha kwambiri, minofu kuuma gwa, thukuta kamukamu, mutu kusokonekera. Kuno tonse timathamangira kuti ndi malungo. Mwina ndi malungodi, koma kwa munthu womwa haloperidol kapena mnzake clorpromazina zingakhale mankhwalawo, ndipo zimapha. Musagule Coartem pamsika n'kumadikira kuti kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo, mapaketi onse ali m'manja. Chimodzimodzi akakomoka, akagwa khunyu, kapena mtima ukamagunda modumphadumpha. Haloperidol amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, kwinini nayenso amatero, choncho aliyense wowalembera mankhwala a malungo, a TB kapena ma ARV adziwe zimene akumwa kale. Rifampicina wa TB, mwachitsanzo, amafooketsa haloperidol.

Kwa ena amene abale anu ali pa amitriptilina (mankhwala enanso a kukhumudwa) ndi clorpromazina, zanu n'zosiyana pang'ono: kukamwa kuuma, kudzimbidwa, mkodzo kuvuta, tulo tambiri, chizungulire podzuka. Azidzuka pang'onopang'ono, ayambe akhala kaye pamphasa. Awiriwa amachepetsanso thukuta. Ku Angónia kuno mphepo imatithandiza, koma amene ali ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, azimwa madzi pafupipafupi ndipo asalime kapena kuyenda dzuwa lili paliwombo. Amitriptilina akamwedwa wambiri nthawi imodzi amapha, ndiye azisungidwa ndi munthu wina wamkulu, kutali ndi ana.

Mowa ayi, kaya kachasu kaya wamasese.

China, achemwali. Fluoxetina sachiza msanga, amatenga milungu 2 mpaka 6 kuti mtima uyambe kupepuka, pomwe zovuta zake zimafulumira. Masiku oyambawa ndiwo ofunika diso lanu. Achimwene akayamba kunena zoti moyo watopetsa, musawakalipire kapena kuwasiya okha, kawuzeni achipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale técnico atawasiyitsa fluoxetina, amatsalira m'thupi milungu ingapo, kunjenjemerako sikutha lero ndi lero. Polowa m'chipinda cha técnico mukalowe nawo, mukafotokoze tsiku limene zinayamba ndi zimene mumaona usiku, poti wodwala yekha nthawi zambiri amangoti "ndili bwino".