Fulati yatsopano ku Midrand: nanga makasitomala alowera pati?

Funso:

Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu koma tili ku Joni kuno. Tikukhala ku Ivory Park, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo timalipira R1,800 pamodzi ndi magetsi. Bambo a kunyumba amayendetsa galimoto ya kampani, amalandira R12,500. Ine ndimaluka tsitsi pakhonde pomwepa, pa mwezi ndimapeza cha m'ma R6,500. Ku Midrand amanga complex yatsopano, ya geti ndi alonda. Fulati ya zipinda ziwiri zogona ndi R6,300, ndipo mwezi woyamba ndi waulere. Ejenti wati tikaphatikiza ndalama zathu tikukwanira. Mu Disembala ndilandira R15,000 ya stokvel, gulu lathu losonkherana ndalama. Funso langa ndi ili: firiji ndi sofa ndigule ndi ndalama imeneyi, kapena nditenge pangongole m'sitolo kuti ndalamayo ndisunge? Sindikufuna kukalowa m'nyumba yatsopano ndi katundu wochititsa manyazi.

Mayi wa ku Ivory Park

Yankho:

Mayi, za firiji ndi sofa tithane nazo msanga, chifukwa nkhani sili pamenepo. Firiji gulani yakale koma yogwira bwino, ya kashi. Anthu osamuka amagulitsa tsiku lililonse pa Facebook Marketplace. Sofa idikire. Ngongole ya m'sitolo ya mipando ili ndi zambiri pamwamba pa mtengo wolembedwa uja: chiwongoladzanja, ndalama yotsegulira akaunti, ina ya mwezi ndi mwezi, inshuwalansi, ndi ya galimoto yokubweretserani. Mudzamaliza kulipira ana atang'amba kale sofayo. Mtima ukakana, ikani pa lay-by, kulipira pang'onopang'ono n'kudzaitenga mukamaliza. Zatha.

Chimene mukanandifunsa ndi ichi: R6,500 yanuyo isamuka nanu? Kalata ngati yanuyi ndimalandira kawirikawiri, kuchokera kwa osoka, ophika makeke, okonza mafoni, ndipo onse amawerengera chimodzimodzi. Amatenga ndalama imene akupeza pamalo akale n'kuiika pansi pa lendi ya malo atsopano, ngati kuti makasitomala nawonso akwera galimoto ya katundu.

Makasitomala anu ndi a ku Ivory Park, mwina ena a ku Tembisa ndi Kaalfontein. Amabwera wapansi, atanyamula mwana kumbuyo, chifukwa akuonani pakhonde. Wina amabwera chifukwa waona mutu wa mnzake pa mpopi kapena ku tchalitchi. Ku complex kuli geti, ndipo geti limene mukulisirirali ntchito yake ndi kutsekereza anthu ngati amenewa. Mlendo aliyense amafunika kumutumizira nambala yolowera kapena kulembetsa kwa alonda. Akalowa amayi anayi Loweruka limodzi, Loweruka linalo asanu, alonda adziwa, aneba adziwa, ndipo kalata yochenjeza ifika. Malamulo a ma complex ambiri amanena poyera kuti fulati ndi yogonamo, bizinesi ayi. Kumeneko amaletsa ngakhale kuyanika zovala pakhonde la m'mwamba, ndiye muganiza kuti adzalola meshi kuuluka m'makolido? Chindapusa chake amangochiwonjezera pa bilu ya lendi.

Mukhoza kunena kuti mudzapeza makasitomala atsopano momwemo. Mwina, koma pang'onopang'ono, ndipo mobisa. Anthu a m'mafulati amenewo amachoka m'mamawa kuthamangira takisi, msewu waukulu wa N1 kapena sitima ya Gautrain, amabwerako kutada, ndipo ambiri ali kale ndi saluni zawo. Lendi siidikira kuti akudziweni.

Tiwerengere mwachisawawa, manambala ena ndi ongoyerekeza. Lendi R6,300. Magetsi ndi ogula mayunitsi, muli giza ndi sitovu, ndipo m'ma complex ambiri mita imayendetsedwa ndi kampani ina imene imadulapo yakeyake, tinene R900. Madzi, suweji ndi zinyalala, tinene R500. Zonse R7,700. Lero mukulipira R1,800. Kusiyana kwake ndi R5,900 mwezi uliwonse, ndiye kuti pafupifupi ndalama yanu yonse ya tsitsi yapita ku denga basi.

Tsopano popeza m'fulati simungalukiremo, mukhala mukubwerera ku Ivory Park kukachita lendi mpando mu saluni ya wina. Tinene R1,500. Takisi kupita ndi kubwera, tinene R40 pa tsiku, pa mwezi yapitirira R1,000. Ndiye R2,500 yachoka musanagwire mutu wa munthu. Ana nawo sukulu yawo yatalikira, zimenezo sindinawerengere n'komwe.

Apa ndiye ndikhalepo pang'ono, ndipo mundikhululukire chifukwa nkhani imeneyi ikayamba sinditha kuisiya. Mwalemba kuti mumapeza cha m'ma R6,500. Mwaiona pati nambala imeneyi? Ili m'kope? Ndikukayika. Ndikuganiza kuti mwakumbukira mwezi wabwino, mwina Disembala wa chaka chatha pamene aliyense ankafuna kuluka asanapite kumudzi, ndiye mwati ndiwo mwezi wanu wa nthawi zonse. Nanga Januwale, pamene amayi onse ndalama zawo zathera ku mayunifolomu? Nanga Juni, kukuzizira, anthu atavala zipewa? Komanso ndalama imeneyi ndi yolowa m'thumba kapena yotsala? Meshi mumagula. Mafuta, jelo, ulusi, zipeso mumagula. Mtsikana amene amakuthandizani kumalizitsa nsonga Loweruka mumam'patsa kangachepe. Data yoikira zithunzi pa WhatsApp ndi ya bizinesi. Aja amati "ndikupatsani bambo akalandira" alipo angati, ndipo angati anabweradi? Ndikachotsa zonsezi, ine ndikuona phindu la R4,500, ndipo ndakukomerani mtima.

Tsono taonani. Lero m'nyumba mwanu mukulowa R12,500 ndi R4,500, ndiyo R17,000. Kuchotsa lendi, patsala R15,000 ndi kanthu. Mukasamuka, phindu lanu latsika kufika R2,000, ndiye mukulowa R14,500, kuchotsa R7,700, patsala R6,800. Chakudya, thiransipoti ya bambo, sukulu, chopereka cha stokvel, za kumudzi, zonse zikwane mu ndalama yosafika theka la imene mukudya lero.

Ndipo funso limene likundisowetsa mtendere ndi ili. Ngati mwezi uliwonse pakutsala R15,000 mutalipira lendi, koma chaka chonse mwasunga R15,000 imodzi yokha ya stokvel ija, inayo ikupita kuti? Sindikunena kuti mukuwononga. Banja la anthu anayi ku Gauteng limadya ndalama. Ndikunena kuti simukudziwa, bambo nawonso sakudziwa, ndipo munthu amene sakudziwa kumene R15,000 ikupita sangandiuze kuti adzakwanitsa ndi R6,800. Ndalama ya tsitsi imabwera ya kashi, imalowa m'kachikwama kamodzi ndi ya buledi, mwana akati "amayi, ya switi" imatuluka momwemo, ndipo pofika madzulo palibe anganene kuti lero bizinesi yapanga zingati. Kope la sukulu la masamba 72 ndi lotchipa kuposa paketi imodzi ya meshi. Tsamba la kumanzere zolowa, la kumanja zotuluka, tsiku ndi tsiku, ngakhale R10 ya zipeso. Kumbuyo kwa kopelo mayina a angongole ndi tsiku limene analuka. Musamalembe mawa lake. Mawa mumakumbukira zazikulu zokha, pamene ndalama imathera mu zing'onozing'ono.

Kopeli lili ndi ntchito inanso. Ejenti amene wakuuzani pakamwa kuti mukukwanira, tsiku lolemba mafomu adzafuna mapepala: pasipoti yokhala ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno chimene sichinathe ntchito, payslip ya bambo, ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu. Ambiri amafuna kuti zolowa zikhale katatu ka lendi, ndiye R18,900, ndipo inu mwafikapo ndi msonga ya chala chifukwa cha R6,500 imene banki sinaionepo. Pamenepa ndi pamene anthu amayamba nzeru zoipa, monga kulembetsa fulati m'dzina la mlamu amene ali ndi payslip yaikulu. Musayerekeze. Mukadzalephera lendi dzina lodetsedwa ndi lake, ndipo mukadzayambana nyumbayo ndi yake.

Za kumudzi nazo tisazibise. Tsiku limene mudzaike chithunzi cha geti ndi kapinga pa status ya WhatsApp, ku Ntcheu mitengo yonse ikwera. Amene ankapempha thumba limodzi la feteleza adzati awiri. Amalume adzakumbukira kuti malata akudontha. Ndipo padzapezeka mphwanu wina amene adzakuimbireni ali kale pa Park Station, potsikira mabasi ku Joni, ndi chikwama, poti "achemwali ali ndi nyumba yaikulu". Ku Ivory Park mukanamuyalira pansi, osavuta. Ku complex chiwerengero cha ogona m'fulati chimalembedwa m'pangano, kawirikawiri awiri pa chipinda, ndipo inu anayi mwadzaza kale. Walira mvula walira matope, Mayi. Thandizani abale, ine sindiletsa, koma ikani nambala imodzi ya pa mwezi, muilembe m'kope lomwe lija, ndipo Mukuru ikadutsa kamodzi yatha mpaka mwezi wamawa.

Mwezi waulerewo usakutengeni mtima. Complex yatsopano imatsegula zitseko zambiri nthawi imodzi, eni ake ali ndi ngongole ya ku banki, akufuna mudzaze msanga. R6,300 mukaigawa pa miyezi 12 ndi R525 pa mwezi. Ndiyo mphatso yonseyo. Werengani ngati pangano silikunena kuti mukachoka chaka chisanathe mudzabweza mwezi umenewo. Werenganinso za kukwera kwa lendi chaka chachiwiri, chifukwa zimalembedwa momwemo ndipo anthu amasaina osaona. Kulowa kokha kumadya: dipoziti R6,300, ndalama ya mafomu ndi pangano, galimoto yosamutsa, makatani a mawindo aakulu aja. Pa R15,000 ya stokvel ija mutsala ndi R5,000 kapena R6,000, ndipo imeneyo ndi yomwe mumagulira meshi ndi mayunifolomu mu Januwale. Ikaperewera, njira yake ndikuidziwa: mashonisa, katapila wa kuno, uja amati R1,000 ubweze R1,500 pakutha pa mwezi n'kukusungira khadi la ku banki kapena pasipoti. Lamulo la dziko lino limaletsa wobwereketsa kusunga zinthu zimenezi, koma lamulolo silidzakulipirirani lendi ya Febuluwale.

Sindikuti mufere m'zipinda za kuseri. Kufuna bafa lanulanu ndi malo oti ana azisewera popanda mantha si kunyada ayi. Ndikuti yesani kaye muli pomwepo. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, tengani R5,900 muike mu akaunti ina imene ilibe khadi m'chikwama mwanu, ngati kuti mwalipira landilodi wa ku Midrand. Ndalama yonse ya tsitsi izidutsa ku banki. Amene angathe azilipira pa foni, ya kashi muzikaika kamodzi pa sabata. Chitani zimenezi miyezi itatu, ndipo Januwale akhale m'gulu la miyeziyo. Mukapirira osaikhudza, muli ndi R17,700, sitetimenti yoonetsa ejenti, ndi kope londionetsa ine. Mukaikhudza pa sabata yachitatu, mwadziwa yankho popanda kutaya dipoziti. Mafulati ku Midrand sakutha, akumangabe. M'miyezi yomweyo funafunani nyumba yapakatikati, ya R3,000 kapena R3,500, ku Kaalfontein kapena ku Rabie Ridge, yokhala ndi bafa lake ndi khonde loti kasitomala afike osalembetsa kwa mlonda. Kwa munthu wa ntchito ya manja ngati inu, nyumba yotere ndiyo ndingaisainire lero.

Ngati bambo atsimikiza mtima ndipo mwapitabe, chitani izi. Funsani ejenti pa WhatsApp, kuti yankho likhale lolembedwa, ngati mungalukire anthu m'fulatimo, ndipo pemphani malamulo a complex musanalipire kalikonse. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati dipoziti yanu isungidwe mu akaunti yopindula, ndipo chiwongoladzanja chake ndi chanu. Limatinso inu ndi mwini nyumba muyendere fulatiyo limodzi musanalowe ndi kulemba zonse zowonongeka. Musanene kuti ndi yatsopano ndiye ilibe vuto. Nyumba zomangidwa mothamanga zimakhala ndi matailosi osweka, zitseko zosatsekeka bwino, mipopi yodontha pansi pa sinki. Jambulani chilichonse, tumizani zithunzizo kwa ejenti tsiku lomwelo, apo ayi potuluka adzati munaswa ndinu. Ngati simunawononge kanthu ndipo mulibe ngongole, dipoziti iyenera kubwera pasanathe masiku 7 pangano litatha. Zikakuvutani pakati pa chaka, musathawe usiku. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act limakulolani kuthetsa pangano mutapereka chidziwitso cholembedwa cha masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale angakudulenipo chindapusa choyenerera. Akakana kubweza ndalama yanu, pitani ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, bwalo lomva milandu ya lendi, kumene kudandaula ndi kwaulere, ndipo mutenge malisiti onse a lendi.