Za kabotolo ka m'jekete ndi chitseko chimene akutsekerani

Achimwene, ndawerenga zimene mwalemba. Mwati Loweruka munalowa mu bala imene mumaikonda muli ndi kabotolo ka mowa waukali m'thumba la jekete, munagula chozizira n'kumathiramo pansi pa tebulo, baunsa anakuonani, anakutulutsani, ndipo manijala anati asadzakuoneninso. Mukufunsa ngati ali ndi mphamvu yochita zimenezo, ngati mungabwerere, komanso chifukwa chake toti imodzi pa kauntala imadula chonchi pamene botolo lonse ku sitolo ndi lotsika. Ndaona ena m'gulu muno akuyankhani kale kuti eni mabala ndi mbava, muzingozembetsa koma mochenjera. Ine ndiyankha mosiyana nawo, chifukwa ndinaimapo kuseri kwa kauntala zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira kutsuka matambula mpaka kuwerengera mabotolo potseka.

Zoti muzichenjera ziiwaleni. Munthu wozembetsa mowa amaganiza kuti ndi yekha amene anatulukira nzeruyo, pamene ife tinkaziona usiku uliwonse. Amagula chozizira chimodzi, amapempha ayisi wambiri ndi tambula yaikulu, ndiye pakapita ola limodzi mawu ake akwera, maso afiira, akuvina yekha, chonsecho pa lisiti yake palibe dontho la mowa. Ena amapita kuchimbudzi atanyamula tambula, pobwera yadzaza. Wotola matambula amangonunkhiza basi. M'mawa posesa tinkapeza timabotolo kuseri kwa thanki ya chimbudzi, m'mphika wa maluwa, pakati pa makushoni a mipando. Mayi wina ankabwera ndi chikwama cholira ngwe ngwe akachiika pa tebulo, n'kumatiyang'ana m'maso muli gwa ngati mwina muli makiyi. Choncho si kuti Loweruka munachita tsoka. N'kutheka kuti anakuonani kale kawiri katatu, anangokulekererani poti ndinu kasitomala wawo.

Pa funso la mphamvu, yankho ndi loti ali nayo. Bala ndi malo a mwini, ngakhale chitseko chili chotsegukira aliyense. Mukalowa ndiye kuti mwavomera malamulo ake, olembedwa pakhoma ngakhale osalembedwa, ndipo loti musabwere ndi mowa wanu ndi lodziwikiratu moti ambiri saona chifukwa cholilembera. M'maiko ambiri mwini malo angakane kukugulitsani kapena kukuuzani kuti mutuluke popanda kufotokoza, bola chifukwa chake chisakhale tsankho la khungu, mtundu, chipembedzo kapena ulumali. Kabotolo pakokha si kamene kamapititsa munthu ku polisi. Chimene chimaitanitsa apolisi ndi kukana kutuluka, kukankhana ndi baunsa, kapena kubwereranso mutaletsedwa. Chimene iwonso sayenera kuchita ndi kukupisani m'matumba mokakamiza kapena kukumenyani. Angakuuzeni pakhomo kuti amene sakufuna kusechedwa asalowe, inu n'kusankha kubwerera. Ngati anakupwetekani potulutsa, imeneyo ndi nkhani ina ndipo muitsate payokha, koma simunalembe zoterozo.

Anthu amaganiza kuti ukali wa eni bala pa nkhaniyi ndi wa ndalama yokha. Ndalama ilipo, sindikana, koma chachikulu ndi laisensi yogulitsira mowa. Chilichonse chochitikira munthu woledzera m'malo muja chimagwera mwini laisensi ndi amene anathira mowa. Ku England ndi Wales, mwachitsanzo, lamulo la Licensing Act la 2003 limati kugulitsa mowa mwadala kwa munthu amene waledzera kale ndi mlandu, ndipo maiko ambiri ali ndi lamulo lofanana nalo. Ndiye bamani wabwino amawerenga mumtima: uyu wamwa atatu, uyu wafika asanu, uyu ndimupatse madzi. Kabotolo kanu kamasokoneza masamu amenewo.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Mowa waukali wambiri umakhala wa 40 peresenti. Kabotolo ka mamililita 200 muli matoti 8 a mamililita 25, ndiye kuti mamililita 80 a mowa weniweni. Botolo la biya la mamililita 330 la 5 peresenti lili ndi mamililita 16 ndi theka. Ndiye kabotolo kamene kamabisika m'jekete kaja n'chimodzimodzi mabiya pafupifupi asanu, ndipo thupi limachotsa toti imodzi yokha pa ola, mwina kuchepera. Chinanso, pothira pansi pa tebulo mumdima palibe amene amayeza. Dzanja limapendeka mpaka mtima utakhuta.

Usiku wina mnyamata wa zaka ngati 25 anagwa pa masitepe athu, mutu unagunda pa simenti, magazi ali chuu. Pa lisiti yake panali mabiya atatu okha. Ine ndi amene ndinamugulitsa, ndipo ndinalumbira pamaso pa abwana kuti munthuyo sanali woledzera pamene ankagula lachitatu. Pomunyamula kuti apite kuchipatala, m'thumba lake munagwa timabotolo tiwiri, kamodzi kopanda kanthu, kena katsala pang'ono. Anachira, tithokoze, koma kwa milungu iwiri apolisi ankafunsa ife, ndipo ine ndinkagona ndikudziwa kuti ntchito ingathe tsiku lililonse chifukwa cha mowa umene sindinathire. Kuyambira pamenepo ndinasiya kumvera chisoni ozembetsa. Onjezanipo kuti ife sitidziwa kuti m'botolo mwanumo muli chiyani. Mowa wachinyengo wokhala ndi poizoni wotchedwa methanol umachititsa khungu, umapha kumene, ndipo munthu akakomokera pa tebulo lathu aliyense amaloza kauntala.

Tsopano za mitengo, pamene mwati akukudyerani masuku pamutu. Apa ndikuvomerezani pang'ono. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matoti 30, ndipo m'mabala ambiri limakhala litabweza ndalama yake lisanafike n'komwe pa theka. Phindu pa toti ndi pa zozizira zosakanizira ndi lalikulu kuposa pa biya wa m'botolo. Alipo malo ena amene amangokweza poti ali ndi magetsi amitundumitundu ndi dzina lomveka, ndipo amenewo ineyo sindipondako. Koma musayerekeze mtengo wa bala ndi wa sitolo ngati kuti akugulitsa chinthu chimodzi. Ku sitolo mumalowa, mumalipira, pakatha mphindi ziwiri mwatuluka, botolo n'kukamwera kwanu, pa mpando wanu, ndi magetsi anu, chimbudzi n'kutsuka nokha. Mu bala mumakhala maola anayi kapena asanu. M'toti imodzi muja muli lendi, malipiro a bamani, a wotola matambula, a baunsa yemwe uja anakutulutsani, mafiriji oyaka usana ndi usiku, ayisi, matambula osweka (ife sabata siinkatha osasesa magalasi), laisensi ya mowa, ya nyimbo, ndalama yoonetsera mpira, ndi munthu amene amakolopa masanzi mbandakucha. Mulinso Lolemba ndi Lachiwiri, pamene malo amakhala zii koma lendi ikuwerengabe. Loweruka ndi limene limanyamula sabata yonse, ndiye tebulo limene pakhala anthu anayi ndi zozizira ziwiri usiku wa Loweruka, manijala amaliyang'ana ngati bala la pamwendo.

Wina wanena kuti vuto ndi msonkho. Msonkho wa mowa ndi wokweradi m'maiko ambiri, koma ulipo kale m'botolo la ku sitolo lomwelo, ndiye suli chifukwa chachikulu cha kusiyanako. Masitolo akuluakulu amapikula zochuluka pa mtengo umene kabala kamodzi sikangaupeze, ndipo nthawi zina amagulitsa mowa mosapindula kwenikweni kuti mukalowa mugulenso zina. Ku Scotland anaona kuti mowa wa m'masitolo watchipa mopitirira, mu 2018 anaika mtengo wosatsikirapo wa mapeni 50 pa mamililita 10 alionse a mowa weniweni, ndipo mu 2024 anakweza kufika 65. Mabala lamuloli silinawakhudze kwenikweni, poti mitengo yawo inali kale pamwamba pa pamenepo.

Za kubwerera. Mlandu wanu ndi waung'ono mwa milandu imene imaletsetsa anthu. Amene sitinkawakhululukira ndi omenya, ogwiragwira akazi, oba mafoni ndi othawa mabilu. Wa kabotolo ankabwerera nthawi zambiri, ngati wabwera bwino. Dikirani milungu iwiri kapena itatu mitima izizire. Mupite masana, pakati pa sabata, malo asanadzaze, muli nokha, musanalaweko kanthu. Musakambe ndi baunsa, iye alibe mphamvu yochotsa chiletso ndipo pakhomo pali anthu sangafune kuoneka wofewa. Funsani manijala kapena mwini malo. Mawu ake ndi ochepa: bwana, tsiku lija ndinalakwitsa, ndinabwera ndi mowa wanga, sizidzachitikanso, ndimakonda malo ano, ndipempha mundilole ndizibwera. Mukatero khalani chete. Kupepesa kwambiri kumafera pa liwu loti "koma". Mukangoti koma nanunso mitengo yanu, mwatseka chitseko nokha. Akati dikirani mwezi, thokozani ndipo mudikiredi mwezi.

Mwalemba kuti potuluka "munalankhulako pang'ono". Mukudziwa nokha kuti pang'ono pakepo panali potani. Ngati munatukwana baunsa kapena mtsikana woperekera, mupemphe kuonana naye ndipo mumupepese pamaso, chifukwa manijala asanayankhe amafunsa antchito ake, ndipo wotola matambula akapukusa mutu zanu zada.

Pakadali pano musalembe zonyoza malowo pa Facebook, amawerenga. Musayese kulowa mutavala chipewa pakati pa anzanu, pali makamera, ndipo kugwidwa kachiwiri kumasandutsa chiletso cha mwezi kukhala cha muyaya. Dziwaninso kuti nkhope imayenda. Ku Britain kuli dongosolo lotchedwa Pubwatch, limene mabala a dera limodzi amagwirizana kuti woletsedwa pamodzi aletsedwe ponse. Kumene kulibe dongosolo lotere, mabaunsa amagwira malo awiri atatu ndipo amatumizirana zithunzi pa WhatsApp, ndiye zotsatira zake zimafanana.

Nkhani ya m'thumba ndi yeniyeni, ndipo sindikukusekani nayo. Njira imene ambiri saidziwa ndi yongofunsa. M'malesitilanti ambiri ndi m'mabala ena muli chimene amati corkage: mumabwera ndi botolo lanu poyera, makamaka vinyo, n'kulipira kandalama kotsegulira ndi matambula. Ku Australia ndi New Zealand malo odyera ambiri amalemba BYO pakhomo, kutanthauza kuti bwerani ndi wanu. Bala yongogulitsa mowa siivomera kawirikawiri, koma pa phwando la tsiku lobadwa, mutasungitsa malo a anthu khumi ndi kuitanitsa chakudya, manijala amamva. Ife tinkavomera pa masiku opanda anthu. Imbani foni kusanafike tsikulo, osati kutulukira ndi botolo pakhomo.

Ngati mumamwa waukali ndipo muli atatu kapena anayi, sonkheranani mugule botolo lathunthu pa kauntala. Limadula kuposa ku sitolo, koma mukagawa pa matoti 30 limatsika kwambiri poyerekeza ndi kugula imodzi imodzi, ndipo malo ena amalemba dzina lanu pa botolo n'kukusungirani lotsala. Funsani za maola amene amatsitsa mitengo, nthawi zambiri ndi chakumadzulo anthu asanachuluke. Koma chimene chimaboola thumba kuposa mtengo wa toti ndi maraundi. Pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, mukangolowa mu raundi ndiye kuti mwalonjeza kugula zakumwa zisanu ndi chimodzi ndi kumwa zisanu ndi chimodzi, pa liwiro la amene amamwa msanga kuposa onse. Nenani poyamba kuti lero aliyense yekha. Akusekani mphindi zisanu, kenako mupeza kuti awiri mwa iwo amafuna zomwezo koma amaopa kuyamba. Ine ndikapita kokamwa ndimatenga ndalama yokwana zimene ndakonza ndi ya ulendo wobwerera, khadi ndimasiya kunyumba.

Ena akuti muziyamba mwamwera kunyumba kenako n'kupita. Palibe lamulo loletsa, ndipo ambiri amatero, koma kuchokera kuseri kwa kauntala ndinaona kuti ofika atayamba kale ndi amene ankawononga zambiri, chifukwa mutu wowerenga ndalama umakhala utagona kale. Ndipo mukafika mukudzandira, baunsa akubwezani pakhomo ngakhale m'jekete mulibe kanthu.

Mwafunsanso ngati mungakatenge kabotolo kanu kamene anasunga. Kunena zoona anayenera kukubwezerani potuluka, ndi katundu wanu. Koma tsiku lokapepesalo musakatchule. Manijala wathu ankasunga timabotolo totere mu kabati ya mu ofesi, ndipo munthu akapepesa bwino ankatulutsa yekha n'kumupatsa akuseka, amvekere katengereni kunyumba aka. Amene ankayamba ndi kufunsa kabotolo ankapatsidwa kabotoloko, n'kuperekezedwa mpaka pa geti.